Kodi Sauli ndi Uziya Analakwa Chiyani Popereka Nsembe?

Mayi wina amene amaphunzitsa Sande sukulu wanditumizira funso ili pa imelo: ngati kupembedza ndiko kunkachititsa mfumu ya Israeli kukhala yokondweretsa Mulungu, n'chifukwa chiyani Sauli ndi Uziya analangidwa ali mkati mopembedza, pamene Davide ndi Solomoni anapereka nsembe zambirimbiri osadzudzulidwa?

Mayi, yankho likuyambira pa Deuteronomo 17, pamene mfumu ikuletsedwa kudzichulukitsira akavalo, akazi, siliva ndi golide, ndipo ikulamulidwa kukhala ndi buku lakelake la Chilamulo ndi kumaliwerenga masiku onse a moyo wake, kuti mtima wake usadzikweze pamwamba pa abale ake. Ku Iguputo Farao ankayesedwa mwana wa mulungu wa dzuwa, koma mfumu ya Israeli, ngakhale inali yodzozedwa, inkalowa m'chipembedzo monga mtumiki wa Mfumu ina yoiposa.

Sauli anauzidwa ndi Samueli kuti adikire masiku 7 ku Giligala. Ataona kuti Afilisti asonkhana ku Mikimasi ndipo asilikali ake ayamba kubalalika, anapereka yekha nsembe yopsereza. Ndimamumvera chisoni ndithu, pakuti mantha ake anali ndi chifukwa, komabe nsembeyo anaisandutsa chida chogwirira gulu lankhondo kuti lisathawe, ndipo mawu a mneneri anawaika pambuyo. Mlandu wa Uziya ndi woonekeratu. Iye analamulira Yuda zaka 52, ndipo pa 2 Mbiri 26 timawerenga kuti atakhala wamphamvu analowa m'Kachisi kukafukiza lubani paguwa limene linali la ana a Aroni okha. Wansembe Azariya pamodzi ndi anzake 80 anamutsekereza, Uziya anapsa mtima, ndipo khate linabuka pamphumi pake chofukizira chikadali m'manja.

Tsopano taonani Davide. Polowetsa Bokosi la Chipangano mu Yerusalemu anavina atavala efodi yabafuta (chovala chotumikira nacho Mulungu), mpaka Mikala mkazi wake anamupeputsa chifukwa chodzichotsera ulemu. Atakanizidwa kumanga Kachisi sananyinyirike, koma anakakhala pamaso pa Yehova ndi kufunsa kuti iye ndani. Chachikulu koposa n'chakuti Natani atamudzudzula pa nkhani ya Uriya ndi Batiseba, mfumu imene ikanatha kupha mneneriyo inavomera tchimo lake. Solomoni nayenso, ali ku Gibeoni, anapempha mtima womvera, ngakhale kuti pambuyo pake anaphwanya lamulo la pa Deuteronomo lija podzichulukitsira akavalo, akazi, siliva ndi golide.

Nkhani ya kudzichepetsa imene ndimaikonda ndi ya Hezekiya, mfumu ya Yuda. M'chaka cha 701 Khristu asanabadwe, Senakeribu, mfumu ya Asuri, analanda mizinda ya Yuda, ndipo zolemba zake, zimene zina zikusungidwa ku British Museum ku London, zimati analanda mizinda 46 yamalinga ndi kutsekera Hezekiya mu Yerusalemu ngati mbalame m'chikwere. Hezekiya anali atayesa kale njira zandale, mpaka anakanganula golide wa pazitseko za Kachisi kuti apereke msonkho. Koma kalata yoopseza itafika, anapita nayo ku Nyumba ya Yehova n'kuifunyulula pamaso pake, ndipo yankho linadzera mwa mneneri Yesaya. Senakeribu, amene sankachedwa kudzitama, sananene paliponse kuti analanda Yerusalemu.