Kunja kuli mbee, nanga ndege ikugwedezeka chani?

Funso: Malume, mwezi watha ndinapita ku London kukaona mwana wanga, kanali koyamba kukwera ndege. Tili m'mwamba kunja kuli mbee opanda ndi kamtambo komwe, basi ndege inangoyamba kudumphadumpha ngati minibasi pa msewu wa makumbi, tiyi yense pa chitenje, mayi tinakhala nawo pafupi mpaka anayamba pemphero mokweza. Kodi ndege inali itawonongeka kapena ndi a pailoti osadziwa ntchito? Ulendo obwerera ukundiopsa.
Mayi wa ku Area 25

Yankho: Pepani mayi, koma a pailotiwo musawanamizire. Kumene ndegezi zimauluka, makilomita 10 mpaka 12 m'mwamba, kuli mphepo ina imayenda ngati mtsinje kuchokera kumadzulo kupita kummawa, amaitchula jet stream, liwiro lake limadutsa makilomita 200 pa ola. Ndiye mukudziwa pamene madzi othamanga akumana ndi odekha mmene amazungulirira, bwato likafika pamenepo limavina. Mpweya nawonso ndi chimodzimodzi. Vuto ndi loti radar ya ndege, chipangizo choonera nyengo imene ili kutsogolo, imaona madontho a madzi mu mitambo, pamene mpweya ouma siuoneka, ndiye a pailoti amadalira za nyengo komanso kuuzidwa ndi anzawo amene adutsa kale kuti apo pali mabampu, kwerani kapena tsikani pang'ono. Nthawi zina palibe wawauza, amangozindukira limodzi ndi inu.

Mphepo yomweyi imathandizanso. Mu February 2020 ndege ya British Airways inachoka New York kukafika London pa maola 4 ndi mphindi 56 basi, ikukankhidwa kumbuyo ndi jet stream.

Ndege payokha musaidere nkhawa, mapiko ake anawapanga oti azipindika ndithu. Amene amavulala ndi munthu osamanga lamba. Pa 21 May 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inagwedezeka koopsa pamwamba pa Myanmar (apo kunali mitambo ya mvula ikukula pafupi), inatsika mamita 54 pa masekondi osakwana 5 anthu akulandira chakudya cha mmawa, amene sanamange anakagunda mitu kudenga, ambiri anavulala, bambo wina wa zaka 73 anamwalira, mpaka inakatera ku Bangkok. Komanso akatswiri a ku University of Reading anapeza kuti pamwamba pa nyanja ya North Atlantic kugwedezeka kwamphamvu kopanda mitamboku kunakwera ndi 55 peresenti kuchokera 1979 kufika 2020 chifukwa cha kusintha kwa nyengo.

Ndiye pobwerera lamba akhale m'chiuno ngakhale kanyali kouza anthu kumanga lamba kaja kazime, momasuka chabe, mukamagona mumange pamwamba pa bulangete kuti asamakudzutseni. Ngati mpata ulipo pemphani mpando wa pafupi ndi mapiko, kumchira ndiye kumavina kwambiri. Tiyi uja mudzawauze athire theka.