Dokotala wa opaleshoni ya khansa angafufuzenso majini pakompyuta?

Mwafunsa ngati ntchito ziwirizi, yochita opaleshoni ya khansa ndi yofufuza pakompyuta majini (malangizo a chibadwa omwe ali mu DNA ya m'maselo), zingayendere limodzi. Zingatheke ndithu, achimwene, koma kafukufukuyo amayambira m'chipinda cha opaleshoni momwemo. Chotupa chikangochotsedwa, kachidutswa kake kaviikidwe mu nayitrojeni wamadzi pasanathe mphindi 30, kenako kasungidwe pa -80°C. Mukachedwa, RNA, yomwe imanyamula uthenga wa majini m'maselo, imawonongeka. Kachidutswa koikidwa mu formalin, mankhwala osungiramo minofu kuti isaole, kamaonetsa chilembo cha DNA cha C ngati chasanduka T, ndipo kompyuta imawerenga bodzali ngati kusintha kwenikweni kwa majini. Tengeninso magazi a wodwalayo, atavomera, kuti muyerekeze ndi a chotupa.

Pophunzira R kapena Python, zinenero zolembera mapulogalamu a pakompyuta, yambirani pa deta ya TCGA (The Cancer Genome Atlas, nkhokwe ya majini a zotupa), yomwe ili ndi mitundu 33 ya khansa. Masiku ofufuzira alembedwe mu kontirakiti yanu ya ntchito, apo ayi mzere wa odwala udzawameza onse.