Akauntanti Wanu Ndi Mkulu wa Mpingo, Koma Msonkho Uli pa Dzina Lanu

Kalata imene yandilembetsa nkhaniyi yachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni amene amagwira payekha ntchito yoika magetsi m'nyumba ndi m'masukulu. Akuti akauntanti wawo wa zaka zambiri sakuyankhanso foni, tax clearance (chikalata cha MRA chosonyeza kuti nkhani zawo za msonkho zili bwino) yachedwa pamene tenda ili pafupi kutsekedwa, koma munthuyo ndi mkulu wa mpingo wawo komanso anali mnzawo wa malemu bambo awo. Akufunsa ngati n'koyenera kumusiya, ndiponso mmene angamusiyire popanda kudana naye.

Achimwene, funso lanu landikhudza kwambiri chifukwa manyazi amene akukumangani manjawo ndimawadziwa. Ine ndimawotcherera zitsulo, ndimapanga mageti, mawindo ndi mashelefu ku Chirimba, ndipo pamene ndinayamba kupeza ntchito za makampani m'malo mwa ntchito za anthu wamba, amalume anga ndiwo anandiperekeza kwa bambo wina wachikulire amene anali ndi kaofesi pamwamba pa sitolo ina ku Limbe. Anali munthu waulemu, wovala tayi ngakhale mu Okutobala, ndipo ankandiitana kuti mwana wanga. Nthawi iliyonse kampani ikandilipira, ndinkatenga mapepala onse, kuwaika mu envelopu, kukwera minibasi n'kukawapereka m'manja mwawo. Ndikafunsa mmene zinthu zikuyendera, yankho linali limodzi, lakuti zonse zili m'chimake ndipo ine ndizingolimbikira kuwotcherera.

Kuti mumvetse chimene chinandipweteka, ndiyenera kufotokoza za withholding tax, chifukwa makontilakita ambiri ang'onoang'ono amaiona ngati ndalama yotayika. Kampani kapena ofesi ya boma ikamakulipirani, imadulapo gawo lina n'kulipereka ku MRA m'dzina lanu, kenako imakupatsani satifiketi yosonyeza ndalama imene yadulidwa. Ndalama imeneyo ndi msonkho wanu umene mwalipiriratu, ndipo pamapeto a chaka imayenera kuchotsedwa pa msonkho wonse umene mukuyenera kupereka. Ngati wolemba mabuku anu saiwerengera, ndiye kuti phindu limodzi mwalilipirira msonkho kawiri.

Tsiku lina ndinafika ku kaofesi kaja bambowo kulibe, ndipo mnyamata amene ankawathandiza anandilola kufunafuna ndekha pepala limene banki inkafuna. Pansi pa tebulo panali katoni ya sopo yodzaza mapepala a anthu osiyanasiyana, ena atanyowa ndi madzi odontha kudenga n'kumatirirana. Mmenemo ndinapeza maenvelopu anga, ena osatsegula n'komwe, dzina langa lili pamwamba monga mmene ndinalilembera ndi bolopeni yofiira. Masatifiketi a withholding tax anali momwemo, oyera bwino, opanda ngakhale kachizindikiro kosonyeza kuti wina anawawerengapo. Ndinakumbukira ana amene ndinawachedwetsera fizi, ndiponso anyamata anga amene ndinawapempha kuti adikire malipiro, pamene ndalama zanga zinali gone m'katoni ya sopo. Bambowo sanandibere, ndipo mpaka lero sindiwatchula kuti ndi wakuba. Ntchito inangowachulukira, zaka zinapita, njira zoperekera msonkho zinasamukira pa kompyuta, koma iwo sanafune kuvomera kuti zawapitirira, ndipo aliyense wa ife ankaopa kuwafunsa chifukwa cha imvi zawo.

Apa ndi pamene ndimaumirira, ndipo sindisintha. Ulemu umene timapereka kwa akulu ndi chinthu chabwino, koma sulowa m'mabuku a msonkho. Lamulo limaika udindo pa mwini bizinesi, ndipo chindapusa ndi chiwongoladzanja cha msonkho wochedwa zimalembedwa pa TPIN yanu, nambala imene MRA imakudziwirani ngati wolipira msonkho, osati pa ya mkulu wa mpingo. Pamene mukukaima pamaso pa ofisala ku Msonkho House, likulu la MRA, simunganene kuti amene analakwitsa ndi mnzawo wa bambo anga, chifukwa fomu imene inaperekedwa kapena imene sinaperekedwe ndi yanu. Ndimamva chisoni ndikaona amisiri aluso, anthu oti akaika mawaya m'nyumba palibe chimene chimapsa, akulephera kupikisana nawo pa tenda chifukwa cha pepala limodzi. Ofesi za boma zimafuna tax clearance, kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito m'boma, kumafunanso kuti nkhani zanu za msonkho zikhale zolongosoka, ndipo makampani akuluakulu nawo amaifunsa asanakuikeni pa mndandanda wa owagwirira ntchito. Akauntanti amene akuchedwetsa pepala limenelo akutseka pakamwa pa banja lanu lonse, ngakhale atakhala kuti Lamulungu amakupatsani moni wachikondi pakhomo pa tchalitchi.

Chinanso chimene chimandikwiyitsa ndi chizolowezi chakuti akauntanti azisunga yekha nambala yachinsinsi ya Msonkho Online, njira ya MRA yoperekera mafomu a msonkho pa intaneti, n'kulembetsa nambala yake ya foni ndi imelo yake pa akaunti ya mwini bizinesi. Zikatero, uthenga uliwonse wochokera ku MRA umafikira iye, ndipo inu mumamva za ngongole pamene yakula kale. Kuchita zimenezi kuli ngati kumanga nyumba yanu n'kupereka makiyi onse kwa mlonda, inu n'kumagogoda kuti mulowe. Akauntanti wabwino amakupatsani mwayi woona chilichonse chimene wapereka m'dzina lanu, ndipo sakhumudwa mukamufunsa funso limodzi kangapo.

Amene ndinapita kwa iye pambuyo pake anali mayi wachitsikana wa ofesi yaing'ono chakufupi ndi Ginnery Corner. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kundikhazika pa mpando wake, kutembenuza kompyuta kuti iyang'ane kwa ine, n'kundiuza kuti ndilembe ndekha nambala yachinsinsi yatsopano iye akuyang'ana kumbali. Chachiwiri anandiuza mosapita m'mbali kuti ndalama za ntchito zisamasakanikirane ndi za kunyumba, makamaka pa Airtel Money ndi Mpamba, pamene ndalama ya chitsulo, ya ndiwo ndi ya chipepeso cha maliro zimatulukira pa nambala imodzi. Anandiphunzitsanso kuti risiti yopanda dzina la sitolo, imene mnyamata wa pamsika walemba pa kapepala ka m'kope, ndi yovuta kuiteteza ngati a msonkho abwera kudzafufuza mabuku.

Mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinaona kusiyana kwa wolemba manambala chabe ndi munthu woganizira bizinesi yako. Mitengo ya zitsulo ndi penti inasintha m'masiku ochepa, ndipo anzanga amene anali atapereka makotesheni opanda tsiku lothera anakakamizika kumaliza ntchito pa mtengo wakale, ena mpaka kugulitsa makina awo. Ine mayi uja anali atandiumiriza kale, kuchokera pa kutsitsidwa kwa kwacha kwa mu Meyi 2022, kuti kotesheni iliyonse izinena masiku amene mtengowo ukugwira ntchito. Nkhani ya VAT nayo ndi yotero. Amene analembetsa VAT amayenera kupereka fomu yake pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo msonkhowo umawerengedwa invoyisi ikangotuluka, ngakhale kasitomala asanakulipireni. Kontilakita amene akudikira cheke kwa miyezi amafunika munthu womuchenjeza zimenezi asanalembe invoyisi yaikulu, osati womuuza chindapusa chitabwera.

Musanyengedwenso ndi dzina lakuti akauntanti, chifukwa mu Blantyre muno aliyense wokhala ndi laputopu ndi chidindo angathe kudzitcha choncho. Ntchitoyi ili ndi lamulo lake la chaka cha 2013, ili ndi bungwe la ICAM limene akatswiri ake amakhala mamembala, ndiponso Malawi Accountants Board imene imayang'anira ntchito yonseyi. Sindikunena kuti munthu woika magetsi payekha afunika kampani yaikulu yofufuza mabuku ya maofesi ozizira. Wolemba mabuku wakhama angakukwanireni. Koma funsani ngati ndi membala, kapena ngati pali membala amene amaunika ntchito yake, kuti pakadzavuta mudzakhale ndi kokadandaula.

Nanga muchite chiyani?

Za tenda ili pafupiyo, musadikire foni. Pitani nokha ku Msonkho House ndi chitupa chanu cha unzika ndi TPIN, mukafunse mafomu amene sanaperekedwe ndi ngongole imene ilipo pa dzina lanu. Pezani akauntanti watsopano musanatsanzike wakale, ndipo mugwirizane naye polemba za malipiro ake ndi ntchito zimene azigwira. Mwambo wa ntchito yawo umafuna kuti watsopanoyo alembere wakaleyo kalata asanalandire mabuku anu, choncho mbali ina yovutayo adzakusenzerani. Ngati muli ndi ngongole kwa bambowo, ilipireni yonse kuti pasakhale chifukwa chogwirira mapepala anu, kenako mutenge masatifiketi a withholding tax, makope a mafomu onse amene anaperekedwa, malisiti ndi masitetimenti a ku banki, ndipo musinthe nambala yachinsinsi, foni ndi imelo za pa Msonkho Online tsiku lomwelo.

Bambowo musawauze pa WhatsApp kapena pabwalo la tchalitchi. Pitani kunyumba kwawo madzulo, muwathokoze chifukwa cha zaka zimene anakugwirani dzanja, muwauze kuti ntchito zanu tsopano zikufuna munthu wozitsatira sabata ndi sabata, ndipo mutchule tsiku limene mudzabwere kudzatenga mafayilo. Ngati mukuona kuti mawu adzakuthawani, tengani amalume anu kapena mkulu wina amene iwo amamulemekeza, koma kalata yachidule yotsimikiza zimene mwakambiranazo muisiye patebulo musanadzuke.