Mafunso ndi Mayankho: Kodi ndalama za bwalo la ndege la St Helena zinangolowa m'madzi?

Funso: Akonzi, ine ndimakhala ku Leicester m'dziko la Britain, ndipo anzanga a kuntchito akayamba kudandaula za momwe boma lawo limasakazira ndalama za misonkho, salephera kutchula bwalo la ndege la pachilumba cha St Helena. Iwo amati boma linamwaza chuma pofuna kukopa alendo amene mpaka lero sakubwera. Kodi zoona zake n'zotani, ndipo kudzudzulaku n'koyenera? Wowerenga wathu, Leicester.

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Anzanuwo akunena zoona pa mbali yaikulu ya nkhaniyi, koma pali mbali ina imene akuilambalala.

St Helena ndi kachilumba ka pakati pa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera kugombe la Africa, ndipo kali pansi pa ulamuliro wa Britain. Anthu ake safika n'komwe 5,000. Kumeneku n'kumene Angerezi anaponya Napoleon, yemwe anali mfumu ya France, m'chaka cha 1815, n'kumwalirira komweko mu 1821, ndipo mu 1890 anatumizakonso mfumu ya Azulu, Dinuzulu. Malowa anasanduka ndende chifukwa ndi kutali, ndipo kutalika komweko n'kumene kukufooketsa ntchito zokopa alendo lero. Kwa zaka zambiri njira yodalirika yopitira kumeneko inali sitima ya RMS St Helena, imene inkayenda masiku asanu kuchokera ku Cape Town, kamodzi pa milungu itatu iliyonse. Abale athu a ku Likoma, amene amadziwa kudikira Ilala, angamve msanga tanthauzo la moyo wotero.

Boma la Britain linkapereka mapaundi oposa 25 miliyoni chaka chilichonse kuti chilumbachi chiziyenda, choncho linaganiza kuti likamanga bwalo la ndege alendo adzachuluka, malonda adzakula, ndipo thandizolo lidzatha lokha. Mu 2011 linasainirana mgwirizano ndi kampani ya ku South Africa ya Basil Read, ndipo ntchito yonse inadya mapaundi pafupifupi 285 miliyoni. Ndalamazi zinachokera ku DFID, nthambi ya boma la Britain ija imene inkathandiza zipatala ndi sukulu kuno ku Malawi, ndipo ichi chinawonjezera mkwiyo wa odzudzula, popeza ankaona kuti thumba loyenera osauka lagwiritsidwa ntchito pa anthu ochepa chotere. Poti chilumbachi n'chamapiri chokhachokha, omanga anachita kukwirira chigwa chathunthu chotchedwa Dry Gut kuti ndege zipeze potera.

Manyazi anadza mu April 2016, pamene ndege ya Boeing 737 ya kampani ya Comair inabwera kudzayesa bwalolo n'kutha kutera itayesa kachitatu. Zinadziwika kuti pamalopo pamawomba mphepo yosinthasintha mwadzidzidzi, mphamvu ndi kolowera komwe, imene ingagwetse ndege yaikulu ikamatsika. Mwambo wotsegulira unaimitsidwa, ndipo nyuzipepala za ku Britain zinayamba kulitcha bwalo lopanda ntchito kuposa onse padziko lapansi. Kumapeto kwa chaka chomwecho komiti ya Nyumba ya Malamulo yolondoloza chuma cha boma inadzudzula DFID kwambiri, n'kukumbutsa kuti katswiri wa sayansi Charles Darwin anali atalemba kale za mphepo ya pamalopo pamene anafikako mu 1836. Apa palibe choikira kumbuyo boma: kumanga kaye bwalo, kuyesa ndege pambuyo, n'kusasamala kosaneneka.

Komabe ife tikuona kuti cholakwa chachikulu sichinali mphepo ayi, koma mawerengero a alendo. Mapulani ankayembekeza kuti m'zaka za m'ma 2040 chilumbachi chizidzalandira alendo pafupifupi 30,000 pachaka, pamene nthawi ya sitima ankangofika ochepa zedi. Maulendo okhazikika anayamba pa 14 October 2017 ndi kampani ya Airlink, kuchokera ku Johannesburg, kamodzi pamlungu, ndi ndege yaing'ono ya Embraer imene sinkadzaza mipando yonse ndipo inkaima ku Namibia kumwa mafuta. Ndege yotero, ngakhale itadzaza mlungu uliwonse, singabweretse ngakhale theka la chiwerengero chija, ndipo tikiti yake imakhala yokwera mtengo. Zokopa zilipo ndithu: nyumba ya Napoleon ku Longwood, makwerero 699 a Jacob's Ladder mumzinda wa Jamestown, ndi kamba wokalamba uja Jonathan. Koma mlendo wa ku Ulaya amayerekeza mtengo ndi wa ku Mauritius kapena Zanzibar, kumene kuli mchenga woyera wa m'mbali mwa nyanja umene St Helena alibe. Boma la pachilumbapo linamanganso hotela ya zipinda 30 mu Jamestown, nayonso n'kumadalira thandizo la boma kuti isatsekedwe. Kenaka mliri wa Covid-19 unadzadula ndi alendo ochepa amene anayamba kubwera aja. Thandizo la chaka ndi chaka lochokera ku London silinathe.

Mbali imene anzanuwo akuisiya ndi ya eni chilumba. Mu June 2016, nyuzipepala zili pakati pa kuseka, ndege yaing'ono inatera pabwalo lomwelo n'kunyamula khanda lodwala kupita nalo kuchipatala ku Cape Town, ulendo umene pasitima ukanatenga masiku asanu, sitimayo itapezeka padoko. Sitima ija nayo inali itakalamba, ndipo inapuma mu February 2018. Kugula ina ndi kuiyendetsa kukanafunanso ndalama za misonkho yomweyo. Anthu a pachilumbachi ndi nzika za Britain, ndipo ambiri a iwo amagwira ntchito kuzilumba za Ascension ndi Falklands komanso mumzinda wa Swindon ku Britain, moti ndege yawafupikitsira njira yokaona makolo. Choncho kunena kuti bwaloli n'lopanda ntchito n'kukokomeza. Limagwira ntchito ya msewu wopita kuchipatala ndi kwa abale, koma boma linalitsatsa kwa okhoma msonkho ngati bizinesi imene idzabweza ndalama zake, ndipo pa lonjezo limenelo anzanuwo ali ndi ufulu wonse wolifunsa. Ngakhale chiyembekezo chakuti bwaloli lidzabweza achinyamata kwawo sichinaoneke msanga, pakuti kalembera wa 2021 anapeza anthu ochepa kusiyana ndi wa 2016.