Kupita ndi ana ku China n'kumawaphunzitsira pakhomo: yankho kwa mayi wa ku Zomba

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi awo:

"Amuna anga apeza mwayi wokachita PhD ku Xi'an, ku China, pa sikolashipu ya boma la kumeneko. Akufuna tipite tonse kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Akuti sukulu za ana a alendo n'zodula, ndiye ine ndiziwaphunzitsa ana pakhomo, tizizungulira nawo m'malo a mbiri yakale kuti aone ndi maso zimene anzawo amangowerenga. Tili ndi mtsikana wa zaka 16 amene ali Fomu 3, ndi mnyamata wa zaka 10 wa Sitandade 5. Bambo ake akuti mtsikanayu akadziwa Chitchaina akapezera komweko sikolashipu ya udokotala. Chimvereni nkhaniyi mwanayu wasiya kuwerenga, akuti MSCE alibenso nayo ntchito. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Tulo sindikupeza. Tichite bwanji?"

Mayi, makalata otere ndimalandira kawirikawiri. Dziko limasintha, lero China, mawa Britain kapena Joni, koma nkhani imakhala yomweyo: kholo lapeza mwayi, banja lonse lasangalala, ndipo mwana amene ali pakati pa sekondale ndi amene amalipira. Kusowa tulo kwanuko kukusonyeza kuti mwaona kale pamene pali vuto. Yankho langa ndi ili: mnyamatayo mutengeni, mtsikanayo atsale amalize Fomu 4.

Ndiyambe ndi mtsikanayo, chifukwa za iye ndi zimene zandikwiyitsa. Mwana wa Fomu 3 watsala pang'ono kufika. Mukamuchotsa pano, akabwera patatha zaka ziwiri alibe MSCE, alibenso pepala la kumeneko. Mapanga awiri avumbwitsa. Inu munaphunzitsa pulayimale, ndipo ndikukhulupirira kuti munali mphunzitsi wabwino, koma Physics, Chemistry ndi Biology za Fomu 4 zili ndi mayeso a mu labu, ndipo pa tebulo la m'nyumba ya lendi mulibe labu. Ena anganene kuti akalembe IGCSE, mayeso a sekondale ochokera ku Britain, ngati wodzilembera payekha. Njirayo ilipo, ili ngakhale ndi pepala lolowa m'malo mwa mayeso a mu labu, koma ndi silabasi ina, mabuku ena, malipiro a phunziro lililonse payekha, ndipo malo olembera ayenera kupezeka musananyamuke. Kumusinthira zonsezi mwana amene watsala chaka chimodzi ndi theka ndi kumubweza m'mbuyo popanda chifukwa.

Za udokotalazo, bambo a ana amve bwino. Yunivesite ya ku China imene ikulandira mlendo imayamba yafunsa satifiketi yomalizira sekondale, ndi magiredi abwino a sayansi. Kwa mwana wanu satifiketi imeneyo ndi MSCE yomwe akuinyozayo. Chitchaina chimabwera pamwamba pake. Maphunziro ophunzitsidwa m'Chitchaina kawirikawiri amafuna gawo 4 kapena kuposa la HSK, mayeso oyesa kudziwa Chitchaina, ndipo kudziwa kugula ndiwo pamsika sikufanana ndi kumva mphunzitsi akufotokoza za mitsempha ya munthu. Ndifunsenso: mwanayu ananenapo yekha kuti akufuna udokotala, kapena ndi maloto a bambo ake? M'kalata yanu yonse simunatchule chimene iye amakonda. Ndatopa kuona ana akusenzetsedwa maloto a makolo, kenako akalephera n'kumatchedwa aulesi.

Komanso sindikumuikira kumbuyo mtsikanayo. Kusiya kuwerenga chifukwa cha ulendo umene tikiti yake sinagulidwe ndi chibwana, ndipo mumuuze mosapita m'mbali. Mumuuzenso kuti dziko limene akuganiza kuti akathawirako mayeso ndi kwawo kwa mayeso. Kuyambira cha m'ma 600 mpaka mu 1905, kwa zaka pafupifupi 1,300, wofuna ntchito yaikulu m'boma la mafumu a ku China kawirikawiri ankayenera kupambana mayeso olemba, ndipo anthu ankatsekeredwa m'tizipinda kwa masiku akulemba. Lero ana a kumeneko amalemba gaokao, mayeso olowera ku yunivesite, mwezi wa June, ndipo amaikonzekera usana ndi usiku kwa zaka. Akafika kumeneko alibe pepala, palibe amene adzamumvere chisoni. Mupezereni malo ogonera pasukulu kapena wachibale wodalirika amene angayang'ane makope ake, osati wongomupatsa nsima. Akamaliza kulemba MSCE, ngati thumba lilola, akuchezereni. Ulendowo udzamukomera kwambiri ataugwirira ntchito.

Thumba limenelo tilikambe. Sikolashipu ya boma la China imapereka mayuan (ndalama ya ku China) 3,500 pamwezi kwa wophunzira PhD, ndipo ndalamayo inawerengedwera munthu mmodzi. Malo ogona ndi inshuwalansi ndi za wophunzirayo basi. Inu ndi mwana mudzalowa pa viza ya S1, yomwe muyenera kuisintha kukhala chilolezo chokhalira m'dzikomo pasanathe masiku 30, ndipo siyikulolani kugwira ntchito. Choncho lendi, chakudya, zovala za chisanu (ku Xi'an madzi amaundana mwezi wa January), matikiti a ndege kudzera ku Addis Ababa, zonsezi zichokere kwina. Khalani pansi ndi cholembera. Ngati masamuwo sakutheka, bambo atsogole okha chaka choyamba, akaone mitengo ndi maso awo. Za kuzungulira dziko lonse la China iwalani; ndi lalikulu, ndipo wa PhD sakhala ndi nthawi yoyendayenda.

Tsopano mnyamatayo, ndipo apa mtima wanga ukutsika. Watsala ndi zaka zitatu kuti afike pa PSLCE, ndipo zimene akuphunzira inu mumazidziwa ngati chikhatho chanu. Kwa mwana wa msinkhu umenewu, chaka chimodzi ku Xi'an ndi mphatso imene ana ochepa amailandira, bola mukaigwiritse bwino. Simufunikanso kuyenda kutali, chifukwa mzinda umene mukupitawo unali likulu la mafumu kwa zaka mazanamazana, pa dzina la Chang'an, ndipo sukulu yonse ili pakhomo panu.

Kum'mawa kwa mzindawo, ku Lintong, alimi ena ankakumba chitsime mu March 1974 n'kupeza zidutswa za dothi lowotcha. Umu ndi mmene anatulukira asilikali a dothi, akuti okwana ngati 8,000, aatali ngati anthu enieni, amene anakwiriridwa kuti azilondera manda a Qin Shi Huang, mfumu imene inagwirizanitsa China mu 221 Khristu asanabadwe. Alendo ambiri amafika, kujambula zithunzi, n'kumapita. Inu musatero. Mwana aime ayang'ane nkhope khumi, ajambule ziwiri ndi pensulo, aone kuti tsitsi ndi ndevu zikusiyana. Mumufunse kuti anthu oumba anali angati, ankadya chiyani, analipidwa kapena anakakamizidwa. Mfumu imeneyi inalamula kuti dziko lonse likhale ndi kalembedwe kamodzi, ndalama imodzi, miyeso imodzi, ngakhale kutalikirana kwa mateyala a ngolo. Mwana amene wakulira pafupi ndi msika wa Zomba amadziwa mkangano wa chigoba cha malita 20 chophwanyidwa pansi ndi mbale yoyezera nyemba. Yambirani pamenepo, ndipo phunziro la miyeso la Sitandade 5 lidziphunzitsa lokha.

Khoma lozungulira mzinda wakale, lomangidwa m'zaka za m'ma 1370, ndi lotalika pafupifupi makilomita 14, ndipo anthu amayenda pamwamba pake pa njinga. Ayeze nthawi imene mwatenga kuzungulira, awerengere liwiro. Ku Banpo, mumzinda momwemo, kuli mudzi wa zaka pafupifupi 6,000 zapitazo, wa nyumba zazing'ono, maenje osungiramo chakudya, ndi miphika. Akafanizire ndi nkhokwe ndi mitsuko ya kwa agogo ake, alembe zofanana ndi zosiyana. Ku Beilin, kumene anasonkhanitsa miyala yolembedwa, kuli miyala 114 imene anamaliza kuzokota mu 837, yokhala ndi mabuku akale amene ophunzira ankawerenga pokonzekera mayeso aja, kuti wokopera asalakwitse chilembo. Komweko kuli mwala wa mu 781 wofotokoza mmene Chikhristu chinafikira ku China, zaka zoposa 1,000 mishoni za ku Blantyre ndi Livingstonia zisanayambe. Mwana wa Sande sukulu adzadabwa nazo, ndipo kudabwako ndi kumene tikufuna.

Ngati mungasunge ndalama ya ulendo umodzi wokha wa kutali, ine ndingasankhe Dujiangyan, pafupi ndi Chengdu, maola ochepa pa sitima yothamanga. Kumeneko, cha m'ma 256 Khristu asanabadwe, mkulu wa boma dzina lake Li Bing anagawa mtsinje wa Min pawiri popanda kumanga damu. Anaika chimulu pakati pa mtsinje, n'kuboola phiri kuti madzi ena apite kuminda, ndipo akuti miyala ankaiotcha ndi moto n'kuithira madzi kuti isweke. Ntchitoyo inachepetsa kusefukira kwa madzi, ndipo mpaka lero ikuthirira minda. Mwana amene waona ngalande za mpunga ku Domasi ndi ku Likangala, amene wamva za madzi osefukira ku Chikwawa ndi Nsanje, ali ndi mafunso oti akafunse pamalo amenewo kuposa ana ambiri. Khoma lalikulu lotchuka la China, limene limadutsa pafupi ndi Beijing, n'lokongola, koma ngati ndalama ndi ya ulendo umodzi, madziwo amuphunzitsa zambiri.

Musaiwalenso kumuonetsa kuti mbiri imeneyi inafika kufupi ndi kwathu. Zombo za mfumu ya China zotsogoleredwa ndi Zheng He, zimene zinayenda pakati pa 1405 ndi 1433, zinafika ku Mogadishu ndi ku Malindi wa ku Kenya, ndipo kadyansonga wochokera ku Malindi anakaonetsedwa kwa mfumu ya China. Zidutswa za mbale za ku China zinapezeka ku Kilwa, m'dziko la Tanzania, ndi ku Great Zimbabwe. Ajambule mapu, alondole njira imene mbale inayenda kuchokera ku ng'anjo mpaka kumtunda kwa Africa, ndi chimene chinapita uko posinthana nayo.

Koma ndikuchenjezeni, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Kuona malo sikulowa m'malo mwa long division. Mwezi woyamba aliyense amakhala ndi changu. Wachitatu, mayi atopa, kunja kukuzizira, mwana ali pa foni, ndipo banja limadzitonthoza kuti akuphunzira chikhalidwe. Sindikufuna kudzamva zimenezo kwa inu. Lolemba mpaka Lachinayi, kuyambira 8 koloko mpaka 12, mukhale mphunzitsi, osati mayi: Masamu, Chingerezi, Sayansi, ndi Chichewa, chifukwa nachonso chimalembedwa pa PSLCE ndipo ndi chimene chimayamba kuthawa mwana akakhala kunja. Lachisanu ndi la ulendo. Usiku wa Lachinayi muwerenge za malowo, ndipo Loweruka alembe tsamba lathunthu ndi dzanja, sabata ina m'Chingerezi, ina m'Chichewa. Mukamutengera ku nsanja ya Dayan, yomangidwa mu 652, mumuuze za Xuanzang, mmonke wa chipembedzo cha Chibuda, amene anayenda pansi kupita ku India n'kubwera mu 645 patatha zaka pafupifupi 16. Atabwera anakhala pansi zaka zonse zotsala za moyo wake akumasulira mabuku amene anabwera nawo, ndipo nsanjayo anaimangira mabukuwo. Kope la mwana wanu likhale ndi ulemu womwewo m'nyumba mwanu.

Mabuku munyamule kuchokera kuno. Muli ku Zomba, Malawi Institute of Education (MIE), yokonza mabuku a sukulu, ili pa Domasi pompo. Pezani a Sitandade 5 ndi 6, a ophunzira ndi a aphunzitsi, ndi mapepala a mayeso akale. Musadalire intaneti, chifukwa ku China Google, YouTube, Facebook ndi WhatsApp n'zotsekedwa, ndipo anthu amagwiritsa ntchito WeChat. Mukakumane ndi ahedi a sukulu yake musananyamuke, akupatseni kalata, mugwirizane kalasi imene adzalowe pobwera, ndipo ngati n'kotheka mphunzitsi wake azikutumizirani mayeso a kumapeto kwa teremu kuti wina osati inu aziona ngati mwanayo akuyendadi. Mumupezerenso anzake. Mwana wa zaka 10 wotsekeredwa m'nyumba ndi mayi ake okha amafota, ngakhale mayiyo akhale wabwino chotani. Kalasi ya Chitchaina ya masana, mpira, kapena ping-pong wa pabwalo zidzamupatsa chinenero msanga kuposa buku, ndipo musadabwe akadzayamba kukumasulirani pamsika.

Ndikudziwa kuti chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kusiya mwana wamkazi wa zaka 16 n'kuwoloka nyanja, ndiponso kuwauza bambo ake kuti pulani yawo siyonse yotheka. Ngati mtima wanu sukulola kumusiya, tsalani nonse mpaka alembe MSCE, kenako mupite ndi mnyamatayo ali Sitandade 6 kapena kumayambiriro kwa 7. PhD ndi zaka zingapo, ndipo asilikali a dothi aja adikira kale zaka zoposa 2,200. Muwaonetse bambo yankho lino. Lolemba likubwerali mupite kusukulu kwa mtsikanayo mukaone makope ake ndi aphunzitsi ake a sayansi, mudziwe kuchuluka kwa zimene wataya m'masabata amene wakhala osawerengawa, ndipo mundilemberenso zimene mwapeza.