Bwanji kung'anima kumatsogola, bingu n'kubwera pambuyo?

FUNSO: Usiku wina mvula ikugwa, mwana wanga wa zaka 9 anandifunsa kuti, "Amayi, bwanji timayamba kuona mphezi ikung'anima, kugunda n'kumveka pambuyo?" Ndinasowa chomuyankha. Inenso ndimadabwa kuti bingu lina limangoti phwaa kamodzi, pomwe lina limagunda nthawi yaitali. Tandithandizani. — Mayi wowerenga magazini ino

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo ndi watcheru, ndipo funso lakeli landisangalatsa. Ine sindine wasayansi, ndimangokonda kuwerenga za chilengedwe, koma nkhani ya mphezi ndimaitsatira kwambiri.

Kung'anima ndi kugunda zimachitika nthawi imodzi, pamalo amodzi. Zimangosiyana liwiro pobwera kwa ife. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho kumafika m'maso nthawi yomweyo, pomwe phokoso limayenda mamita 340 okha pa sekondi. Mukaima patali n'kumayang'ana munthu akudula mtengo, mumaona nkhwangwa itatera kale, kugogoda kwake n'kumveka iye akuikwezanso m'mwamba. Ndi mmene zimakhaliranso ndi mphezi.

Apa mpamene ine pamandikomera, chifukwa mpata umenewu ungathe kukuuzani kumene mphezi yawomba, opanda chipangizo chilichonse. Khalani ndi mwanayo m'nyumba. Kukangoti ng'ani, yambani kuwerenga masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Mukafika pa 9, ndiye kuti yawomba pamtunda wa makilomita 3. Mukaona kuti ulendo wotsatira mwangofika pa 6, dziwani kuti mvulayo ikuyandikira. Mwana akayeza yekha chonchi, saiwalanso.

Nanga phokosolo limachokera kuti? Mumtambo waukulu wakuda uja, mpweya umakwera mwamphamvu n'kutenga timadontho ta madzi kupita nato kumwamba kozizira kwambiri, kumene timauma. Tizidutswa ta madzi ouma timeneti timawombana ndi matalala ang'onoang'ono, ndipo kukhulana kumeneko kumabala magetsi. Magetsi a mtundu wina amasonkhana kumtunda kwa mtambo, a mtundu winawo kumunsi. Akachuluka amalumpha, kawirikawiri mumtambo momwemo, nthawi zina mpaka pansi. Njira imene amadutsamo ndi yopapatiza, masentimita 2 kapena 3 basi, koma mpweya wa mmenemo umatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000. Pamwamba pa dzuwa penipenipo pamatentha madigiri 5,500. Tangoganizani! Mpweya wotenthedwa modzidzimutsa choncho umafufuma mwadzidzidzi n'kuphulika, ndipo kuphulikako ndiye bingu.

Funso lanu lachiwiri likutsamira pomwepo. Mphezi imodzi imatalika makilomita angapo, ndipo ndi yokhotakhota, ya nthambinthambi. Phokoso lochokera mbali yapafupi limafika msanga, lochokera kumtunda kwake limachedwa, lina limayamba lagunda mapiri n'kubwerera. Zonsezi zikamafika motsatizana, timamva kugunda kotalika kuja. Ikawomba pafupi, khutu limalandira kuphulikako kusanafooke, n'chifukwa chake limangoti phwaa. Ikakhala kutali kwambiri, kupitirira makilomita 20 kapena kuyandikira pamenepo, phokoso limathera m'njira, ndipo usiku mumangoona kung'anima kwa chete kumalekezero a thambo.

Zoti mphezi ndi magetsi anthu anazitsimikiza mu 1752. Benjamin Franklin wa ku America anaulutsa kaiti kunja kukugunda, ndipo tinthetha tinatuluka pa kiyi amene anamangirira ku chingwe. Anali ndi mwayi, chifukwa chaka chotsatira wasayansi wina, Georg Richmann, anafa ku St Petersburg akuyesa zofanana nazo. Franklin yemweyo ndiye anatulukira ndodo yachitsulo yoika pamwamba pa nyumba, yotsogolera mphezi kupita m'nthaka. Zonena kuti mphezi siwomba kawiri pamalo amodzi musazimvere. Nyumba yosanja ya Empire State ku New York imawombedwa maulendo pafupifupi 20 chaka chilichonse.

Chimene ndikupemphani, Mayi, n'chakuti kuwerenga masekondiku muzichita muli m'nyumba basi. Ngati bingu likumveka, mphezi ingathe kukufikani, ngakhale mvula isanayambe kudontha. Mwanayo asabisale pansi pa mtengo, asakhale pabwalo poyera kapena m'madzi. Galimoto ya denga lachitsulo yotseka mawindo imateteza, chifukwa magetsi amadutsa m'chitsulo chakunja kupita pansi. Bingu lomaliza likamveka, dikirani mphindi 30 musanatuluke. Ndipo wina akawombedwa, musaope kumugwira. Thupi lake silisunga magetsi, ndipo amafunika chithandizo mwamsanga, makamaka ngati wasiya kupuma.