Botololo musataye, mowawo sunasase

Achimwene, mwanena kuti mwagula botolo la gueuze, mowa wa ku Belgium, ndipo mutatsegula mwaupeza ukununkha ndi kuwawasa. Musataye chonde! Fungo ngati la khola la mbuzi mukunenalo, komanso kuwawasa ngati mwaluma bwemba, sikuti mowawo waonongeka ayi, gueuze amakhala choncho kumene. Ndaona ena apa akukuuzani kuti mubweze kusitolo akakubwezereni ndalama, mtima wanga wachita kuti thii, chifukwa mwanditokosa pabala limene ndinkayesa kuti linapola.

Ine mu 2019 ndinakwera sitima kuchoka ku London kupita ku Brussels, ndipo nditatsika pa siteshoni ya Midi ndinayenda wapansi mpaka ku Cantillon, malo ofululira mowa umenewu ku Anderlecht, sipatali konse. Anthu amenewo akhala akufulula kuyambira 1900 ndipo mukalowa mumaona ngati mwalowa m'nkhokwe ya agogo. Akangaude ali yangeyange kudenga, sawachotsa dala chifukwa amadya tintchentche tobwera ndi zipatso. Pamwamba penipeni pali chibeseni chachikulu chamkuwa, chosazama, m'mene amathiramo madzi a chimera ali otentha n'kuwasiya usiku wonse osavundikira kuti mphepo iwombemo. Yisiti sathiramo. Tizilombo ta mumpweya ndi ta m'matabwa ndi timene timagwira ntchito yonse, n'chifukwa chake amafulula miyezi yozizira yokha, cha kumapeto kwa Okutobala mpaka cha mu Epulo. Kenako mowawo umakagona m'migolo yamatabwa chaka, zaka ziwiri, zitatu. Umenewo ndiye lambic, ulibe ngakhale thovu. Akasakaniza wakale ndi watsopano n'kutsekera m'botolo kuti uwirenso momwemo, ndiye gueuze, umene mwagulawo. Kuwawasako ndi kwa mabakiteriya a mtundu womwewo umene umawawasitsa chambiko, pomwe fungo la kholalo ndi la yisiti wakutchire wotchedwa Brettanomyces. Nditalawa koyamba ndinachita tsinya, sindinama. Kachiwiri ndinamva ndimu, udzu wouma, kachikopa pang'ono, kukamwa kuli gwaa kouma, ndipo ndinangokumbukira masese a kwathu a tsiku lachitatu, kungoti uwu ndi woyera mbee ndipo umaluma lilime ndi thovu.

Ndinagula mabotolo atatu akuluakulu a 750 ml, ndinawakulunga m'majuzi, ndinafika nawo kunyumba bwinobwino. Zaka zitatu anagona pansi pa wadiropu kumdima, mayi akunyumba kundiseka kuti ndikulera ana ena. Ngakhale Khirisimasi sindinawakhudze. Ndinkati ndidzatsegula tsiku lalikulu.

Tsiku lalikululo linafika mu Julaye 2022, mwezi uja kunatentha koopsa kuno ku England, pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Leicester. Ndinanyamula awiri, ndinawaimika m'firiji kuseri kwa mbale ya saladi kuti nsenga zikhale pansi, ndinauza aliyense amene anali m'khitchini kuti awa musakhudze, ndidzatsegula ndekha zolankhula zikatha. Anandituma kukagula makala chifukwa nyama inali isanathe kuwotchedwa. Mphindi 40 zokha abale anga! Pobwera ndikulowa pakhomo la kuseri ndi thumba la makala paphewa, ndinayamba kumva fungo ndisanaone chilichonse. Fungo lomwe lija la m'chipinda cha migolo, koma likuchokera m'sinki. Pansi ponse pali nyowee, nsapato kumata, denga lili ndi madontho. Alamu anga, amuna a achemwali aang'ono, aima pamenepo malaya ali chinyowere, botolo m'manja alizondotsa, likuti kulukulu kulukulu, thovu likutsika m'bowo pamodzi ndi makoko a anyezi. Lina lili kale m'bini. Anaona chitsekerero cha cork n'kuyesa kuti ndi shampeni, ndiye analikhutchumula kaye kuti asangalatse azimayi, theka lonse linathawira kudenga. Atalawa chotsalacho analavula. Anatsegula lachiwiri kuti aone ngati lili bwino, analavulanso. Ndiye akundiyang'ana akuseka amvekere, "Alamu akuberani azungu, mowawu unasasa kalekale, ndakupulumutsani mukanatsegula anthu m'mimba." Anthu m'khitchini gwedee kuseka. Ine makala ali paphewa, pakamwa pali yasaa, mawu osatuluka. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti m'botolomo munatsala pang'ono, mwina theka la tambula, ndipo mnyamata wina anathiramo Sprite n'kumwa, amvekere bola tsopano.

Munthu ameneyu mpaka lero sanapepese. Tikakumana amandiitana kuti a Viniga. Ndi munthu yemweyo amene tikapita kumudzi amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi paketi ya Chibuku yoti yagona masiku anayi, yofufuma, kumayamikira kuti ikakhala yowawasa chonchi ndiye yakupsa. Kuwawasa kwa m'paketi ndi chikhalidwe, kwa m'botolo la ku Belgium ndi poizoni! Ndipo chinthu si chako, mwini wake wanena kuti osakhudza, ukutsegula bwanji? Ukanakhala green wake ndikanathira m'sinki ine bwenzi nkhani itafika kwa ankhoswe. Achemwali anati ndingoiwala, ndi mowa chabe. Mowa chabe zaka zitatu m'mgolo ndi zitatu m'wadiropu mwanga?

Botolo lachitatu lija ndinamwa ndekha usiku wa mawa lake, pakhonde, ndili wokwiya, moti sindikukumbuka bwino kukoma kwake. Imeneyonso ndimawawerengera iwowo.

Ndiye inu achimwene, poti mwatsegula kale, libwezereni chitsekerero muliimike m'firiji, koma lisapitirire mawa chifukwa mpweya ukutha. Pomwa lisakhale lozizira ngati lager, litulutseni likhale panja kanthawi, likamazizira kwambiri mumangomva asidi yekha. Thirani pang'onopang'ono m'tambula yotakata, osaligwedeza, kotsala pansi kokhala mbuu mukusiye kapena muthire padera. Mukathira dikirani mphindi zingapo, fungo loyamba loipitsitsa lija limauluka, ndipo musaweruze ndi kumwa koyamba, lilime limafuna katatu. Pambali pakhale chakudya chamafuta ndi mchere, tchizi, mtedza wokazinga, ine ndinayesapo ndi nkhumba yowotcha zinayenda bwino zedi. Woonongeka weniweni mudzamudziwa, amanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo mpaka kulasa m'mphuno, osati khola.

Komanso mwina mwayambira patali. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi mowa wa Rodenbach wa ku Roeselare, ku Belgium komweko, wofiirira uja, amagona m'migolo ikuluikulu ya oak koma ali ndi kakutsekemera kokugwira dzanja. Kapena Orval, amene sawawasa kwenikweni koma ali ndi yisiti wakutchire uja wa Brettanomyces, mugule awiri, mmodzi mumwe lero wina patatha chaka mumve kusiyana. Mukafuna wa zipatso yang'anani mawu akuti "Oude Kriek" (wopanda zipatso ndi "Oude Geuze") pa pepala la botolo, ngati a Boon kapena 3 Fonteinen, chifukwa ambiri opanda mawu akuti Oude amakhala othira shuga, amakoma ngati juwisi wa ana.

Ndipo musamwe nokha, mowa uwu umakoma mukamagawana, wina akuti ndikumva apozi wosapsa wina akuti ndikumva bulangete la hatchi, mukuseka. Musausungenso zaka kudikira tsiku lalikulu, ngakhale kunena zoona wosungidwa ndiye amakoma koposa, amatha kukhala zaka 10 kapena kuposa osaonongeka. Zikakukanikanibe thiranimo shuga pang'ono, palibe tchimo, akuluakulu a ku Brussels kale ankaponyamo kachibulumwa ka shuga n'kumaphwanya ndi kachitsulo m'tambula momwemo, ndipo mowa wotchedwa faro ndi lambic wothira shuga basi. Koma Sprite ayi. Mukathira Sprite musadzandiuze, ndipo ngati muli ndi alamu okonda kutsegulatsegula firiji ya eni, botololo likakhale m'galimoto, makiyi m'thumba mwanu.